Momwe mungawerengere flux yowoloka mzere woongoka

Mvula yamphamvu ikagwa kuno ku Chipata, madzi amatsika m'phiri la Kanjala n'kumathamanga m'minda ndi m'mbali mwa misewu. Mutakhoma zikhomo ziwiri n'kukoka chingwe pakati pake, mungafunse kuti ndi madzi ochuluka bwanji amene akuwoloka chingwecho pa sekondi iliyonse. Madzi oyenda motsata chingwe salowa m'chiwerengero, chifukwa sakuwoloka. Funso limeneli ndilo flux, ndipo aliyense wophunzira engineering kapena masamu ku UNZA kapena ku Copperbelt University amakumana nalo mu calculus. Integral yake ndi yosavuta. Pamene ambiri amagwera ndi pa kusankha mbali imene madziwo akulowera.

Titenge chitsanzo chimodzi tiyende nacho mpaka kumapeto. Liwiro la madzi pa malo (x, y) likhale F = (P, Q) = (2x, y), ndipo mzere wathu uyambire pa A(1, 0) ukathere pa B(3, 4).

Musanalembe nambala iliyonse, jambulani mzerewo ndipo muikepo muvi woloza ku B. Ndikulimbikira pa zimenezi chifukwa muvi umenewu ndi umene udzatiuze ngati yankho ndi la plus kapena la minus.

Kenako lembani mzerewo pogwiritsa ntchito t, amene ayambire pa 0 kukafika pa 1. Chotsani A pa B: 3 − 1 = 2, ndipo 4 − 0 = 4. Ndiye x = 1 + 2t, y = 4t. Mukaika t = 0 muli pa A, mukaika t = 1 mwafika pa B. Apa dx = 2 dt ndipo dy = 4 dt.

Tsopano tafika pofunika kudekha. Vector yoloza kumene mukupita ndi (2, 4), koma ife tikufuna normal, yomwe imadula mzere mopingasa. Sinthanitsani manambala awiriwo, wachiwiri mumuike minus, mupeze (4, −2). Yesani ndi dot product: 2×4 + 4×(−2) = 0, kusonyeza kuti zadutsanadi pa madigiri 90. Normal imeneyi imaloza kudzanja lamanja la munthu woyenda kuchoka ku A kupita ku B. Ngati mwakayika, ganizirani munthu wopita kumpoto, (0, 1). Lamulo lomweli likumupatsa (1, 0), kum'mawa, komwe ndi kumanja kwake.

Mabuku amalemba flux kuti ∫ F·n ds, pomwe n ndi normal wa utali wa 1, ndipo ds ndi kachidutswa kakang'ono ka utali wa mzere. Utali wa (4, −2) ndi √20, choncho n = (4, −2)/√20. Koma ds nayenso ndi √20 dt, ndiye mukachulukitsa n ndi ds, √20 amafafanizika. Zimatero pa mzere woongoka ulionse, n'chifukwa chake ine ndimalangiza kuti musataye nthawi ndi square root. Lembani mwachindunji kuti:

flux = ∫ (P dy − Q dx)

Ikanimo zimene mwapeza kale. P = 2x = 2 + 4t, Q = y = 4t. Choncho P dy − Q dx = (2 + 4t)(4) dt − (4t)(2) dt = (8 + 8t) dt. Integral yake kuchokera pa 0 kufika pa 1 ndi 8 + 4 = 12.

Popeza 12 ndi wa plus, madzi ochuluka akuwolokera kumanja. Mukanayambira ku B kupita ku A mukanapeza −12, madzi ali omwewo, inu nokha mwatembenuka. Funso la mayeso likatchula mbali imene normal iyenera kuloza, monga kumwamba kapena kumanzere, yerekezani ndi (4, −2) pa chojambula chanu chija. Zikasemphana, sinthani chizindikiro cha yankho basi.

Chenjeraninso ndi integral inzake, ∫ (P dx + Q dy). Imeneyo imayeza work, kutanthauza kukankha kotsata mzere. Pa chitsanzo chathu imapereka (4 + 24t) dt, yomwe imathera pa 16. Zilembo n'zofanana, koma funso ndi lina. Mu flux, P amayenda ndi dy, ndipo pakati pali minus.

Kuti mutsimikize yankho, gwiritsani ntchito theorem ya George Green, imene inatuluka mu 1828 ndipo imati flux yonse yotuluka m'malo otsekeka ndi yofanana ndi integral ya divergence pa malowo. Onjezani C(1, 4) kuti mupange triangle, muyende A, B, C n'kubwerera ku A. Uku ndi kuzungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi, ndiye dzanja lanu lamanja likuloza kunja nthawi zonse. Divergence ya F, kutanthauza derivative ya P pa x kuphatikiza derivative ya Q pa y, ndi 2 + 1 = 3 paliponse, ndipo malo a triangle ndi ½ × 2 × 4 = 4, choncho flux yonse yotuluka iyenera kukhala 12. Kuchoka ku B kupita ku C, y = 4, dy = 0, dx = −2 dt, zomwe zikupereka 8. Kuchoka ku C kubwerera ku A, P = 2, dx = 0, dy = −4 dt, zomwe zikupereka −8. Mukaphatikiza 12 + 8 − 8 mukupeza 12, ndipo zagwirizana.

Chotsala ndi muyeso wa yankho. Ngati F ili m'mamita pa sekondi ndipo mzere uli m'mamita, flux imatuluka m'masikweya mita pa sekondi. Kuti mupeze kuchuluka kwenikweni kwa madzi, chulukitsani ndi kuya kwake. Madzi othamanga mamita 0.5 pa sekondi, owoloka mopingasa mzere wa mamita 4, ali ndi flux ya 2. Ngati ndi akuya mamita 0.3, ndiye kuti akudutsa makyubiki mita 0.6, omwe ndi malita 600 pa sekondi iliyonse.