Malangizo Osankhila Zipangizo Zopimila Pokhazika Makina Ocekela ndi Opalila Matabwa

Musanapime ciliconse pa makina, azimitseni ndipo zulani pulagi kukhoma, kapena tsitsani swichi yaikulu ngati makinawo analumikizidwa ku magetsi popanda pulagi. Musadalile zakuti malaiti apita, cifukwa amabwela mosacenjeza, ndipo makina amene anasiyidwa oyatsa angayambe kuzungulila zala zanu zili pa mano a sowo.

Tepi ndi yopimila matabwa, si yokhazikila makina. Tepi yolembedwa kuti Class II imaloledwa kuphonya ndi mamilimita 0.5 pa mita imodzi, ndipo kacitsulo kokowela ka kumapeto kwake kanapangidwa dala kuti kazisewela pang'ono. Koma sowo ya pa tebulo iyenela kuyenda mofanana ndi mzela wakuya wa patebulo, umene mumayenda mitre gauge, cogwilila cokankhila thabwa podula mopingasa, popanda kusiyana kopitilila mamilimita 0.1, kumene kuli ngati kucindikala kwa pepala limodzi la mu ofesi. Tepi siingakuonetseni kusiyana kocepa conco, ndiye cifukwa cake pafunika zipangizo zina.

Coyamba kugula ndi sikweya yacitsulo cokhacokha, ya amisili a zitsulo, yotalika mamilimita 100 kapena 150. Sikweya zopangidwa motsatila muyezo wa DIN 875 zili m'magulu a 00, 0, 1 ndi 2, ndipo nambala ikacepa, ndiye kuti sikweyayo ndi yolondola kwambili. Pa nchito ya matabwa, gulu 1 kapena 2 ndi lokwanila. Komabe musakhulupilile cidindo cokha, yesani sikweya musanalipile. Tengani thabwa limene lili ndi mbali imodzi yoongoka bwino, gunditsani sikweya kumbali imeneyo, ndipo lembani mzela ndi nsonga ya mpeni, osati ndi pensulo yobuntha. Ndiyeno tembenuzani sikweya kuti cogwilila ciyang'ane mbali inayo, n'kulembanso mzela poyambila pamalo omwewo. Mizela iwiliyo ikagona pamodzi, sikweya ili bwino. Ikayamba pamodzi n'kutalikilana kumwamba, isiyeni, ngakhale itakhala yonyezimila bwanji, cifukwa makina onse amene mudzakhazika nayo adzatengela kupendekeka kwake.

Caciwili ndi citsulo coongoka copimila kusalala kwa tebulo. Ca mamilimita 600 cimakwanila pa sowo ya pa tebulo, koma pa pulena, imene ili ndi matebulo awili ofunika kugwilizana, ca mita imodzi cimathandiza bwino. Levulo ya omanga nyumba inapangidwila nchito ina, conco musaitenge ngati yoongoka musanaiyese. Citsulo coongokaci cimayenda pamodzi ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala tomangidwa pamodzi, ndipo kalikonse kali ndi nambala ya kucindikala kwake. Sankhani yoyambila pa mamilimita 0.05 mpaka 1.00. Kuwala kodutsa pansi pa citsulo kumakuuzani kuti pali mpata, koma feeler gauge ndiyo imakuuzani kukula kwa mpatawo.

Cipangizo cimene akalipentala ambili amazengeleza kugula ndi dial indicator, ija ili ndi nkhope yozungulila, singano ndi kamtengo kacitsulo kamene kamalowa mkati mukakakankha. Tengani yowelenga mamilimita 0.01 pa kamzela kalikonse, imene kamtengo kake kamayenda mamilimita 10. Apa ndalama zambili si zofunika, cifukwa pa makina a matabwa mumangoyelekezela malo awili, ndipo cacikulu n'cakuti singano izibwelela pamalo amodzi nthawi zonse. Kankhani kamtengoko ndi cala kangapo n'kukasiya pang'onopang'ono, ndipo ngati singano ikuima pa manambala osiyanasiyana kapena ikugwilagwila poyenda, musaigule. Dziwaninso kuti phazi lake la maginito limagwila pa tebulo lacitsulo cabe, pa tebulo la aluminiyamu siligwila.

Kuti mupime sowo, dulani kathabwa ka mtengo wolimba ndi wouma, monga mukwa kapena mukusi, kakuti kaziyenda mu mzela wa patebulo popanda kusewela, ndipo mangilanipo dial indicator. Kwezani sowo mpaka pamapeto, congani dzino limodzi ndi inki, ndipo gunditsani kamtengo pa thupi la sowo pafupi ndi dzinolo, kutsogolo kwa tebulo. Ikani singano pa 0. Zungulitsani sowo ndi dzanja mpaka dzino lomwelo lifike kumbuyo, sunthani kathabwako, n'kuwelenganso. Kusiyana kukapitilila mamilimita 0.1 aja, masulani mabauti a makina kuti muongole. Gwilitsilani nchito dzino limodzimodzilo, cifukwa sowo ingakhale yopindika pang'ono, ndipo mukapima malo osiyana mungamasule mabauti a makina amene analibe vuto. Ngati dial indicator simunaipeze, kathabwa kokhomedwa sikuluu kumapeto, komangidwa pa mitre gauge, kamagwila nchito yomweyi mothandizidwa ndi feeler gauge, kungoti kamafuna kuleza mtima.

Fensi, imene thabwa limatsamila poceka m'litali, ipimidwe kucokela pa mzela wa patebulo umodzimodziwo. Ikhale yofanana kutsogolo ndi kumbuyo, kapena itaye pang'ono kumbuyo, mamilimita 0.1 kapena 0.2 kutalikila sowo. Isalowele konse mkati, cifukwa thabwa likapanikizika pakati pa fensi ndi mano akumbuyo a sowo, limapsa m'mbali ndipo linganyamuke n'kumenya wocekayo. Citsulo cokhota ca kumbuyo kwa sowo, cimene cimaletsa thabwa kutsekela sowo, ciime mu mzela umodzi ndi sowo, ndipo cisatalikilane ndi mano kupitilila mamilimita 8.

Pa pulena, nsonga za mipeni yonse zifike pa msinkhu wa tebulo lotulukila thabwa. Gonekani kathabwa kolimba ndi koongoka pa tebulolo, kumapeto kwake kuli pamwamba pa mipeni, ndipo zungulitsani cogwilila mipeni ndi dzanja mosamala. Mpeni uliwonse ukoke kathabwako mtunda wofanana, pafupifupi mamilimita 3, kumanzele ndi kumanja komwe. Pa makina ocepetsa kucindikala kwa matabwa, vernier, cipangizo ca nsagwada ziwili copimila kucindikala, ndiyo imaonetsa ngati thabwa latuluka lofanana mbali zonse. Ya manambala a batile imawelengeka mosavuta, koma ya mizela, yowelenga mamilimita 0.02 kapena 0.05, siifuna batile ndipo siisokonezeka msanga ndi fumbi ndi cinyezi. Ngati buku la makina anu linalembedwa mu mainci, kumbukilani kuti inci imodzi ndi mamilimita 25.4, ndipo 0.001 ya inci ndi pafupifupi mamilimita 0.025.

Kabokosi ka maginito kopimila madigili n'kothandiza popendeka sowo pa madigili 45 kapena 22.5, koma kaikeni kumapeto kwa zogula zanu. Nthawi zambili kamawelenga madigili 0.1, ndipo kuphonya kocepa conco kumafika pafupifupi milimita imodzi pa utali wa mamilimita 600. Pa madigili 90, dalilani sikweya, ndipo muigunditse pa thupi la sowo pakati pa mano, osati pa manowo.

Pukutani utuci ndi utomoni pa tebulo musanapime, cifukwa kanthu kakang'ono pansi pa sikweya kamasintha zonse. M'nyengo ya mvula, kuyambila Novembala mpaka Epulo, pakani zipangizo mafuta ocepa kuti zisacite dzimbili, ndipo musazisiye padzuwa, popeza citsulo cimafutukuka cikatentha, pamene zipangizo zopimila zimakonzedwa kuti zikhale zolondola pa kutentha kwa madigili 20 Celsius. Sikweya imene yagwa pansi iyesedwenso isanagwilitsidwe nchito. Makampani ndi masukulu a luso amene afuna cikalata cotsimikizila zipangizo zawo angafunse ku Zambia Metrology Agency, bungwe loona za miyezo limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2017.

Mukamanga mabauti, pimaninso, cifukwa kumanga kwenikweniko kumasuntha zinthu. Ndiyeno bwezelani zochingila zonse, lumikizani magetsi, dulani thabwa loongoka pakati, tembenuzani cidutswa cimodzi, n'kugunditsa malo odulidwawo pa tebulo losalala. Mpata uliwonse umene mungaone uonetsa kuphonya kwa makina kuwilikiza kawili, ndipo ukaoneka, zulaninso pulagi musanagwile sipanala.