Werengani mamba pa chikopa chofundula, njokayo isiyeni

Mvula ikayamba mu Novembala, anthu a ku Harare, monga a ku Epworth, Dzivarasekwa ndi Mufakose, amapeza zikopa zimene njoka zafundula pa milu ya njerwa, kuseri kwa khola la nkhuku kapena m'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Mukuvisi. Ambiri amangochitaya pamoto, n'kugona ndi mantha. Chikhalirecho chikopacho chikhoza kukuuzani mlendo amene wakuchezerani, mukadziwa kuwerenga mamba ake. Apa ndikunena mamba onga a nsomba aja, popeza m'Chichewa chathu mawu omwewa amatchulanso njoka.

Choyamba gogodani pamalopo ndi ndodo yaitali, chifukwa mwini chikopa amakhala sanapite patali. Mukachitola, chinyowetseni ndi timadzi pang'ono kuti chisathetheke, muching'ambe ndi lumo chakumimba motsata utali wake, n'kuchiyala pa katoni. Musadabwe kuti ndi chotembenuzika, njoka imavula ngati sokosi. Utali wake usakuopseni, chimatamuka pofundula.

Pezani pakati penipeni pa thupi, osati pakhosi kapena kufupi ndi mchira, chifukwa kumeneko chiwerengero cha mizere ya mamba chimasintha. Mamba otambalala a kumimba musawerenge. Yambani ndi kakang'ono koyandikana nawo, mukwere mopendekera mpaka pamsana, mutsikire mbali inayo, mukudontheza kadontho ka bolopeni paliponse mwawerenga. Bwerezani katatu. Nthawi zambiri nambala imatuluka yosagawika pawiri, monga 15, 19 kapena 23, chifukwa pali mzere umodzi wa pamsana. Mukapeza 20 kapena 24, kayikirani maso anu kaye.

Kanjoka kobiriwira kamadonthomadontho kokwera m'maheji, kamene anthu amakapha poyesa green mamba, kali ndi mizere 15 ndipo n'kosaopsa. Boomslang, imene ululu wake umachititsa magazi kusagwirana, kawirikawiri imakhala ndi 19, ndipo mamba ake ali ndi kamtunda pakati. Mphiri, anzathu Achishona amati chiva, ili ndi 29 mpaka 41, okhakhala ngati chitsononkho. Njoka yakhofi ya m'nyumba yodya makoswe ija nayo ili ndi mizere yambiri, cha m'ma 27 mpaka 33, koma mamba ake ndi osalala. Imeneyo ine ndimati isiyeni, ikukusungirani chimanga.

Povuta ndi apa. Black mamba ndi njoka yolavula m'maso, Mozambique spitting cobra, zonse zimakhala ndi 23 mpaka 25. Nambala yokha sikuzilekanitsa. Tembenuzani chikopa, muyang'ane chimamba chomaliza cha kumimba, chimene chimavindikira potulukira chimbudzi. Cha black mamba n'chogawika pawiri, cha yolavulayo n'chathunthu. Ngati pamenepo pang'ambika, musalote yankho. Jambulani ndi foni, mutaika chibiriti pambali kuti kukula kudziwike, mukafunse a ZimParks, oyang'anira nyama zakutchire, kapena odziwa njoka a ku Snake World pa msewu wa ku Bulawayo. Akatswiri enieni, monga malemu Donald Broadley wa ku Natural History Museum ku Bulawayo, ankawerenganso mamba a kumimba, a kumchira ndi a kumutu asanatchule dzina.

Ndaonapo anyamata atatambasula njoka yongophedwa kumene kuti awerenge, wina atagwira cha kumutu. Abale anga, mutu wa njoka umaluma ngakhale utadulidwa, ndipo ululu umakhala ulipobe. Yamoyo ndiye musayese n'komwe.

Munthu akalumidwa, kuwerenga kulibenso ntchito. Musateme mphini pabalapo, musayamwe, musamange chingwe chothina. Mvuleni mphete kapena chibangili, asayendeyende, mupeze galimoto yopita ku chipatala cha Parirenyatwa, cha Sally Mugabe kapena china chapafupi. Womulavulira m'maso asambitseni m'masomo ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenako kuchipatala komweko. Chikopa chija mudzachiwerenga mukabwerako.