Kupima ndi kusintha zida za magetsi pa kompresa ya firiji

CENJEZO: Zulani pulagi musanatsegule kabokosi ka mawaya kamene kali m'mbali mwa kompresa. Kuzima swichi cabe sikokwanira. Kapasita imasunga mphamvu ngakhale magetsi atazima, conco lumikizani mapini ake awiri ndi resistor (kacipangizo kocepetsa kuyenda kwa magetsi) ya 20,000 ohms kwa masekondi angapo kuti mphamvuyo ithe. Ambiri amangogunditsa sikuludiraiva mpaka moto kuthetheka. Musayese zimenezo, makamaka pa firiji ya gasi wa R600a, cifukwa gasiyu sacedwa kuyaka.

Jambulani mawaya ndi foni, kenako solani relay (kacipangizo koyambitsa mota) ndi overload (kodula magetsi mota ikatentha kwambiri). Mudzaona mapini atatu pa kompresa: C, S ndi R. Mapiniwa ngolumikizidwa ku ma winding a mota.

Liu lakuti winding lilibe mnzake m'Cinyanja. Ndi waya wa kopa wokulungidwa kambirimbiri mkati mwa mota, ndipo ulipo pawiri: woyambitsa mota (pakati pa C ndi S) ndi woyendetsa (pakati pa C ndi R). Ikani multimeter, mita yopimira magetsi, pa ohms. Kawirikawiri pakati pa C ndi R mumapeza nambala yaing'ono, pakati pa C ndi S yokulirapo, ndipo pakati pa S ndi R pakhale ziwirizo zitaphatikizidwa. Mwacitsanzo, 10 ndi 16 zipereke 26. Mita ikaonetsa OL, kutanthauza kuti magetsi sakudutsa, waya waduka. Koma gwirani kaye kompresa ndi dzanja. Makompresa ena ali ndi overload ya mkati imene imadula ikatentha, ndipo ndaonapo makompresa abwinobwino atatayidwa cifukwa munthu sanadikire kuti azizire.

Tsopano ikani cingwe cimodzi ca mita pa paipi ya kopa, cina pa pini iliyonse. Apa payenera kuoneka OL. Pakabwera nambala, magetsi akudutsira ku citsulo ca kunja, ndipo kompresa yotere isalumikizidwenso.

Firiji imene imang'ung'uza pang'ono kenako n'kumveka "thi", kawirikawiri vuto limakhala relay. Ya mtundu wa PTC, imene ili ndi kambale mkati kamene kamacepetsa kwambiri magetsi kakatentha, igwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva ngati muli timiyala, kambale ka mkati kasweka. Inunkhizeninso, fungo lopserera silinama. Relay ya koilo iikidwe coimirira monga inalili, cifukwa kacitsulo ka mkati kamagwa ndi kulemera kwake kuti kadule magetsi.

Overload yozizira ionetse pafupifupi 0 ohms. Ikafa, gulani yofanana nayo. Musailumphe ndi waya ai, ngakhale kwa usiku umodzi, pakuti ndiyo imateteza mota kuti isapse.

Kapasita yatsopano ikhale ndi µF (muyeso wa kukula kwake) yofanana ndi yakale. Mavoti angapose, koma asacepere.

Mukamanga zonse, yatsani ndi kupima ma amps ndi clamp meter, mita yopanira pa waya. Akakwera kufika pa nambala ya LRA ya kompresayo (ma amps amene mota imakoka ikalephera kuzungulira) n'kukhala pomwepo, mota yagwira mkati, ndipo relay ina siidzathandiza. Mukazima, dikirani mphindi 5 musanayatsenso, kuti PTC izizire ndi gasi akhazikike m'mapaipi.