Kusankha ndi kulumikiza nsalu ya kunsi kwa quilt

Quilt ndi chofunda cha magawo atatu: pamwamba pa tizidutswa ta nsalu tosokedwa pamodzi, thonje la pakati, ndi nsalu ya kunsi. Ambiri amatha masabata akusoka pamwamba, koma kunsi n'kungotola nsalu iliyonse yomwe yatsala. Komatu nsalu ya kunsiyo ndi yomwe imakhudza thupi usiku wonse, ndipo ikasokedwa mokhota, chofunda chonse chimakhota nacho.

Yambani ndi tepi yoyezera. Yezani pamwamba m'litali ndi m'lifupi, kenako onjezerani masentimita 10 mbali iliyonse, kutanthauza masentimita 20 m'litali ndi 20 m'lifupi. Mukamasoka magawo atatuwa pamodzi nsalu imakokeka n'kusuntha pang'ono, ndipo kunsi kukakhala kofanana ndendende ndi pamwamba, mudzapeza kuti ngodya imodzi yaperewera ntchito itatsala pang'ono kutha. Zotsalazo mudzadula pomaliza.

Sankhani nsalu ya thonje yolemera mofanana ndi ya pamwamba. Ya maluwa ambiri kapena timizere tothinana imabisa ulusi wokhota, pamene ya mtundu umodzi imaonetsa paliponse pomwe singano inadutsa. Ngati mukungophunzira kumene, tengani ya maluwa. Ndipo ngati pamwamba pali zoyera zambiri ndi thonje la pakati n'lopyapyala, pewani nsalu yakuda kwambiri chifukwa imaonekera. Shiti ya pabedi imakopa chifukwa ndi yaikulu kale, koma yambiri ndi yolukidwa mothinana, moti singano ya pamanja imavuta kulowa ndipo zala zimapweteka msanga.

Nsalu ya thonje yosokera quilt imakhala yotambalala pafupifupi masentimita 110, ndipo mukachotsa m'mphepete mumatsala ndi 105. Tiyeni tiwerengere limodzi. Pamwamba pa masentimita 150 ndi 200 pafunika kunsi kwa 170 ndi 220. Zidutswa ziwiri zolumikizidwa zimapereka pafupifupi 207. Mukazigoneka chopingasa, 207 sakwana 220, choncho dulani zidutswa ziwiri za 220, mamita 4.4, ndipo gulani 4.7 kuti pakhale malo ofupikira. Koma pamwamba pakakhala 150 ndi 180, msoko wopingasa ukwanira: zidutswa ziwiri za 170, mamita 3.4 okha. Werengerani njira zonse ziwiri musanagule. Kulinso nsalu yopangidwira kunsi, yotambalala masentimita 274, yosafuna msoko n'komwe.

Chapani nsalu musanadule, makamaka ngati ya pamwamba munachapa kale. Thonje limafupika likalowa m'madzi koyamba, ndipo yofiira ndi yabuluu wakuda imatulutsa utoto. Nyowetsani kansalu koyera, kwechani pangodya. Kakasintha mtundu, chapaninso mpaka madzi ayere. Ikauma, isiteni.

Tsopano dulani m'mphepete monse muwiri, mbali yolimba ija yomwe pamalembedwa dzina la fakitale. Musachite ulesi apa. M'mphepetemo mumalukidwa mothina kuposa nsalu yonse, simutamuka, ndipo mukalowa mumsoko mumakoka nsalu n'kusiya mzere wa makwinya womwe ngakhale simbi siuthetsa.

Ngati msoko ukuyenda m'litali, musauike pakati penipeni, chifukwa m'pomwe chofunda chimapindidwa tsiku ndi tsiku ndipo ulusi umatha msanga. Siyani chidutswa chimodzi chathunthu pakati, chinacho muchigawe pawiri m'litali, musokerere theka uku, theka uko. Maluwa oyang'ana mbali imodzi onetsetsani kuti onse aloza kumutu musanabaye pini.

Gonekani zidutswa ziwiri nkhope zake, mbali zokongola zija, zitayang'anizana. Bayani pini kunsonga zonse ziwiri, ina pakati, kenako dzazani mipata yotsala masentimita 15 aliwonse. Popanda mapini, makina amakoka nsalu ya pansi mofulumira kuposa ya pamwamba, ndipo pa msoko wa mamita awiri mudzafika kumapeto chidutswa chimodzi chitatalika. Sokani masentimita 1.3 kuchokera m'mphepete, kuwirikiza kawiri kukula kwa msoko wolumikizira tizidutswa ta pamwamba, chifukwa kunsi kumakokedwa kwambiri. Tambasulani msokowo ndi simbi, mlomo umodzi uku wina uko, kuti singano isadzakumane ndi chithumba chokhuthala.

Musanayale thonje, pindani kunsiko kanayi muone ngati ngodya zikukumana. Zikasemphana, dulani muwongole tsopano. Kenako yalani nkhope itayang'ana pansi, msoko uli pamwamba, n'kumata m'mbali ndi tepi nsalu itawongoka koma osaikoka mwamphamvu, chifukwa nsalu yokokedwa imabwerera mukamatula tepi ndipo pamwamba pamachita makwinya.