Mmene mungasamalire mwamuna kapena mkazi wanu amene akulandira mankhwala a khansa ya m'magazi

Mankhwala a chemotherapy amapha maselo a khansa pamodzi ndi maselo abwino a m'mafuta a m'mafupa, kumene magazi amapangidwa, ndipo masiku oopsa kwambiri amafika patatha masiku 7 mpaka 14 chilandirireni mankhwalawo, pamene maselo oyera olimbana ndi tizilombo atsikiratu. Nthawi imeneyi ndi imene inu wosamalira muyenera kukhala tcheru kuposa wina aliyense.

Khalani ndi thermometer pafupi ndi bedi, ndipo muziyeza kutentha kwa thupi m'mawa ndi madzulo, komanso nthawi iliyonse imene mnzanuyo akunjenjemera kapena akulankhula zosokonekera. Kukafika madigiri 38, imbani foni kuchipatala pomwepo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo musathamangire kumupatsa paracetamol, chifukwa amatsitsa kutentha n'kubisa matenda amene angafalikire m'magazi m'maola ochepa. Aspirin ndi ibuprofen asiyeni, popeza timaselo tothandiza magazi kuundana timakhalanso titachepa. Mugulireni mswachi wofewa, ndipo mukaona timadontho tofiira pakhungu kapena kamfuno kosaleka, uzani adokotala.

Nkhani ya alendo ndi imene imavuta, chifukwa kubweza wachibale pakhomo kumaoneka ngati mwano. Komabe ntchitoyi ndi yanu, musaisiyire wodwala: wachimfine adikire kaye achire, ndipo aliyense wolowa asambe m'manja ndi sopo. Nyama ndi mazira zipse bwinobwino.

Mankhwala asanayambe, funsani za kubereka, pakuti ena amawononga mphamvu yobereka, ndipo umuna kapena mazira amasungidwa chithandizo chisanayambe. Ngati madokotala atchula zoika maselo atsopano a m'mafupa ochokera kwa munthu amene maselo ake ndi ofanana ndi a wodwalayo, dziwani kuti m'bale wa mayi ndi bambo mmodzi amakhala ndi mwayi umodzi mwa 4 wofanana ndi wodwalayo, pamene inuyo kawirikawiri simungafanane naye, choncho musadziimbe mlandu.

Lembani m'kope zotsatira za magazi ndi mafunso anu, koma adokotala akafunsa mmene akumvera, mulekeni ayankhe yekha. Akanena kuti akuopa, musamudule ndi mawu akuti zikhala bwino. Gawo loyamba la chithandizo limatha kumugoneka m'chipatala pafupifupi mwezi wathunthu, choncho pezeranitu munthu wokulandirani usiku wina kuti mugone mokwanira.