Konzani webusayiti ya bizinesi yanu kuti anthu aulumali azitha kugulirapo okha

Eni mabizinesi ang'onoang'ono ambiri, akangomaliza kulipira wowapangira webusayiti, amaiyang'ana pa foni, n'kuona kuti zithunzi zakongola, basi n'kuganiza kuti ntchito yatha. Koma funso loyenera kudzifunsa ndi ili: kodi munthu wosaona, wosamva, kapena amene manja ake sangagwire mouse, angathe kusankha katundu, kulemba fomu ndi kulipira yekha popanda kupempha wina? Bungwe la World Health Organization limanena kuti anthu pafupifupi 1.3 biliyoni, omwe ndi 16 peresenti ya anthu onse padziko lapansi, ali ndi ulumali waukulu, ndipo nawonso ndi ogula monga wina aliyense.

Muyezo umene maiko ambiri amatsatira ndi WCAG, mndandanda wa malangizo okonzera webusayiti kuti anthu aulumali azitha kuigwiritsa ntchito, wokonzedwa ndi W3C, bungwe loika miyezo ya mawebusayiti, ndipo WCAG 2.2 idatuluka mu Okutobala 2023. Uli ndi magawo atatu, A, AA ndi AAA, koma malamulo ambiri amaloza pa AA, choncho inunso lingani pamenepo. M'maiko a European Union, lamulo la European Accessibility Act lidayamba kugwira ntchito pa 28 Juni 2025 ndipo limakhudza malonda a pa intaneti, ngakhale limapatula bizinesi yotereyi imene ili ndi antchito osakwana 10 komanso ndalama zolowa pachaka zosapitirira mayuro 2 miliyoni. Ku United States, anthu amasumira mabizinesi pogwiritsa ntchito lamulo la ADA la 1990 loteteza ufulu wa anthu aulumali, monga momwe munthu wina wosaona adachitira ndi kampani ya Domino's atalephera kuitanitsa chakudya pa webusayiti yake. Ngati mumagulitsa kwa anthu a kunja, fufuzani lamulo la dziko limene ogula anu akukhala.

Ntchito yeniyeni iyambe ndi manja anu. Ikani mouse pambali, mutsegule webusayiti yanu, ndipo muyende ndi batani la Tab pa kiyibodi kuchokera patsamba loyamba mpaka polipira, mukutsegula zinthu ndi Enter. Nthawi iliyonse mukadina Tab payenera kuoneka kabokosi kosonyeza pamene mwafika. Ngati kabokosiko kasowa, kapena mwalowa m'kachidziwitso kotulukira pamwamba pa tsamba n'kulephera kukatseka, dziwani kuti pamenepo ndi pamene wogula amabwerera. Mukatero yatsani pulogalamu yowerenga mokweza zimene zili pa sikirini, monga NVDA yomwe ndi yaulere pa Windows, TalkBack pa Android kapena VoiceOver pa iPhone, mutseke maso ndi kumvetsera. Chithunzi chopanda mawu ofotokozera chimadumphidwa kapena chimatchulidwa ndi dzina la fayilo lomwe ndi manambala okhaokha, pamene wogula amafuna kumva kuti ndi nsapato yakuda yachikopa yomanga ndi zingwe. Kulemba mawu amenewa sikulira ndalama, ndipo ndimaona kuti palibe wina angawalembe bwino kuposa inu amene mumadziwa katundu wanu.

Mafomu ndi amene amagwetsa anthu ambiri. Bokosi lililonse likhale ndi dzina lake lokhazikika, losazimirika munthu akayamba kulemba, ndipo ngati walakwitsa, uthenga unene m'mawu chimene chalakwika ndi kakonzedwe kake. Kungofiiritsa bokosi sikokwanira, chifukwa pafupifupi mwamuna mmodzi mwa 12 aliwonse amavutika kusiyanitsa mitundu ina, makamaka wofiira ndi wobiriwira. Zilembo wamba zisiyane ndi mtundu wa kumbuyo kwake pa mlingo wa kuwala wosachepera 4.5 kwa 1, ndipo tsamba lisasokonekere munthu akakulitsa zilembo kufika pa 200 peresenti. Vidiyo iliyonse yokhala ndi mawu ikhale ndi zolemba pansi.

Ndikuchenjezeni za timapulogalamu timene timagulitsidwa ndi lonjezo lakuti mukangotiika pa webusayiti, zonse zikonzeka tsiku lomwelo. Timeneti timangophimba pamwamba, cholakwika chili pansi chikadalipo, ndipo nthawi zina timasokoneza pulogalamu imene munthu wosaona amaidalira kale. Zida zaulere zoyesera webusayiti monga WAVE ndi Lighthouse n'zothandiza, koma zimangopeza gawo la zolakwika, pakuti makina amatha kuona kuti chithunzi chili ndi mawu koma sangadziwe ngati mawuwo akunena zoona.

Mukamagwirizana ndi wopanga webusayiti, lembani m'pangano kuti ntchito ifike pa WCAG 2.2 gawo AA, ndipo musamalize kulipira musanaiyese nokha ndi kiyibodi. Ngati mungathe, pemphani munthu amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yowerenga tsiku ndi tsiku kuti ayese kugula, ndipo mumulipire chifukwa cha nthawi yake. Ikani patsamba njira yosavuta yodziwitsira vuto, ndipo wantchito aliyense amene amaika katundu watsopano aphunzitsidwe kulemba mawu a chithunzi asanadine batani lotumiza.