UZ kapena Africa University: mmene mwana wochokera ku Malawi angasankhire

Ine ndimakhala ku Highfield kuno ku Harare, ndipo abale akumudzi amandiimbira kawirikawiri kuti mwana akufuna kudzaphunzira ku Zimbabwe koma wasowa pogwira pakati pa University of Zimbabwe (UZ) ya ku Mount Pleasant mu Harare ndi Africa University ya ku Mutare. Zonse ziwiri ndi sukulu zolemekezeka. Chomwe ndimalimbikira n'chakuti muyambe mwadziwa kumene mwanayo adzagwire ntchito, ndiponso ngati thumba la banja lingapirire zaka zinayi. Kutchuka kwa sukulu muganizire pambuyo.

Choyamba ndi satifiketi. Kuno ana amalowa yunivesite atatha Fomu 6 ndi A-Level, pomwe kwathu timathera Fomu 4 ndi MSCE. Lemberani sukulu zonse ziwiri, mutumize magiredi a mwanayo, mufunse ngati akukwanira pa kosi imene akuifuna. Yankho libwere pa imelo, lolembedwa. Nthawi zina kusankha kumathera pomwepa.

Kenako funsani ngati digiriyo idzagwire ntchito kwathu. Kuno bungwe loona za maphunziro apamwamba la ZIMCHE ndi limene limavomereza makosi, ndipo ku Lilongwe bungwe ngati lomwelo la NCHE ndi limene limaunika mapepala ochokera kunja. Wofuna udokotala afunsenso ku Medical Council of Malawi asanalipire kalikonse. Pa zamalamulo mpamene ndimachenjeza kwambiri: malamulo a Zimbabwe anachokera ku Roman-Dutch, pomwe athu anatsata a ku England. Mwana amene mtima wake uli pa makhothi a ku Blantyre aziganizire bwino zimenezi.

Tsopano ndalama. Tengani kope, tsamba mulidule pakati, UZ mbali ina, Mutare mbali ina. Lembani fizi, malo ogona, chakudya, thiransipoti, inshuwalansi yakuchipatala, chilolezo chophunzirira, ndi ulendo wa kumudzi pa holide. Zonse muwerengere m'madola a ku America, chifukwa ngakhale ndalama ya Zimbabwe yotchedwa ZiG inabwera mu April 2024, lendi ndi zinthu zambiri kuno amatchula m'madola. Musaiwale kuti mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Bambo wolandira malipiro m'makwacha anangodzuka fizi ya mwana italemera, osawonjezeredwa ngakhale tambala kuntchito. Choncho pa chiwerengero chanu siyanipo mpata wopumira, ndipo ngati sukulu inayo ikukwanira pokhapokha mutagulitsa munda, imeneyo isiyeni.

Pali funso limodzi limene makolo ambiri salidziwa. Mu 1997 mayiko a SADC anasainirana ku Blantyre pangano la zamaphunziro, lonena kuti ophunzira a m'chigawochi azitengedwa ngati eni dziko pa fizi ndi malo ogona. Sukulu iliyonse imatsata mwanjira yake, ndiye funsani mwachindunji kuti Mmalawi amalipira mtengo uti.

Malo ogona ndi amene amasiyanitsa kwambiri sukulu ziwirizi. Ku UZ ophunzira ndi ochuluka kuposa zipinda, ndipo ambiri amachita lendi ku Mount Pleasant, komwe n'kodula. Ena amati mwana azikhala kwa azakhali ku Mufakose kapena ku Mbare. N'zotheka, koma ndi makombi (maminibasi) awiri kupita, awiri kubwera, kudzera m'tauni. M'nyengo yozizira ya June mwana amanyamuka kusanache, nabwera kutada, mwina n'kupeza magetsi azima. Africa University ili kunja kwa mzinda wa Mutare, malo abata pakati pa mapiri, ndipo moyo wa wophunzira umazungulira pasukulu pomwepo.

Muyang'anenso khalidwe la mwana wanu. UZ inayamba m'zaka za m'ma 1950 ngati University College of Rhodesia and Nyasaland, ndi yaikulu, ili mu likulu momwe muli makampani ndi maofesi ambiri okachitirako atachimenti (kuphunzira ntchito usanamalize sukulu). Kunja kwa kalasi kumamveka Chishona, ndipo wolimba mtima amachitola msanga. Africa University inatsegulidwa mu 1992 ndi mpingo wa United Methodist, ndipo amaphunzirako ana a ku Congo, Angola, Mozambique ndi kwina, moti mlendo sadziona yekha. Mwana wamanyazi amene sanachokepo pakhomo ndingamutumize ku Mutare. Wochangamuka, amene ali ndi m'bale wodalirika mu Harare, ndingamusiye ku UZ. Ulendo wa kumudzi nawonso ndi wosavuta kuchokera ku Harare, basi imadzera Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, pomwe Mutare ili makilomita oposa 250 kuchokera kuno.

Musanatumize dipoziti, pemphani ofesi ya ophunzira akunja ikulumikizeni ndi Mmalawi wa chaka chachitatu pasukulu iliyonse. Mufunseni kuti chilolezo chophunzirira chinatenga nthawi yaitali bwanji ndipo sukulu inamuthandiza motani, madzi amatuluka masiku angati kumene akugona, komanso atachimenti anaipeza yekha kapena anamupezera.